Masipuling'i a Bedi la Atate

Mpaka lero ndikamva fungo la mphira wopserera, ndimabwerera ku Katondo m'nyengo yotentha ija, mango asanapse, fumbi lakuda la ku mgodi likulowa mpaka m'mano. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Kusukulu ndinkangotenthetsa benchi, koma pa zokhomakhoma palibe ankandiposa.

Chaka chimenecho ndinapanga motoka yamatabwa yokwera munthu mmodzi, yamphuno yosongoka ngati zampikisano zomwe tinkaona m'mapepala okulungira vitumbuwa. Mawilo ndinachotsa pa pulema yakutha, kangolo kokankhiramo khanda. Mnzanga Mulenga anali ndi yake, yolimba, koma pa mabampu inkamugwedeza mpaka kuluma lilime. Ine ndinafuna yofewa, yachibwana mkubwa. Tsiku lina amayi ali kumsika, ndinakwawira kunsi kwa bedi la makolo anga n'kumasula masipuling'i anayi, onse mbali yomwe ankagona atate, n'kukawaika pa motoka yanga. Musandiweruze, inunso munaba shuga.

Buleki inali thabwa lokhomerapo chidutswa cha tayala. Ukakoka chingwe, linkakanda wilo lakumbuyo lakumanja. Limodzi lokha basi. Ndinkati likwanira.

Atate ankakonza mabuleki a mabogi a sitima ku njanji, munthu wosalankhulalankhula. Masiku atatu anadzuka atagwira msana. Tsiku lachinayi anaima pa motoka yanga, naikankha ndi phazi. Inadumphadumpha ngati chule, osaleka.

"Msana wanga uli apa, eti?" anatero. "Loweruka tipita kumtunda kuja mumaseweretsa timotoka tanu. Ikaima pomwe ndidzaime, ndi yako. Ikapitirira, masipuling'i abwerera ku bedi, matabwa apita pamoto."

Madzulo ake ndinakaiyesa ndi Mulenga. Nditakoka chingwe, motoka inazungulira ngati nguli n'kunditaya m'minga. Mulenga anaseka mpaka kukhala pansi. "Iwe mwaiche, iyi ni motoka olo chigayo?"

Ndinabwerera kunyumba mawondo ali magazi. Atate sanandithandize kukhoma ngakhale msomali umodzi. Anangondifunsa kuti munthu wothamanga ukamugwira mkono umodzi amagwera kuti. Kenaka anafunsa kuti wilo lili m'mwamba, buleki ingaimitse chiyani. Pochoka anaponya malegeni akuda, odula ku chubu cha tayala, pafupi ndi mapazi anga, ngati angogwa okha.

Masiku awiri ndinatuluka thukuta pansi pa mtengo wa mango. Ndinaika thabwa lalitali logwira mawilo onse awiri akumbuyo nthawi imodzi. Masipuling'i ndinawamanga ndi malegeni, kukoka mpaka zala kuchita matuza, kuti akabonyera azibwerera mwaulemu osati modumpha. Ndikakankha ndi phazi, motoka inkatsika, kukwera kamodzi, n'kukhala phee.

Loweruka ana a m'komboni anadzaza. Atate anatsikira kumunsi, navula chipewa, naima pakati penipeni pa njira manja ali kumbuyo. Mulenga anandikankha. Mphepo inalira m'makutu, miyala ikuthetheka pansi, koma mawilo sanasiye nthaka. Atate ankakula m'maso mwanga, osasuntha. Ndinakoka chingwe ndi manja onse, mphira unanunkha, fumbi linabuka. Mphuno ya motoka inaima pafupi kwambiri ndi nsapato zawo moti inawathira dothi.

Anayang'ana nsapatozo, nandiyang'ana ine. "Wachedwa kukoka," anatero, navala chipewa. Bedi analichirikiza ndi njerwa, ndipo linakhala choncho mpaka ine kukwatira.

Zaka zambiri ndinkauza anthu kuti atate anaima pamenepo pofuna kundiopseza, kapena chifukwa ankakhulupirira ntchito ya manja anga. Ndinadzapitako nditamera imvi, ndi mdzukulu wanga. Ndinaima pamalo pomwepo, n'kucheuka. Masitepe awiri kumbuyo kwanga kunali ngalande yakuya yasimenti, yomwe tsiku lija sindinaione n'komwe, chifukwa kutsogolo kwake kunali atate.