Bokosi Loloza Munthu pa Msewu wa kwa Nkomeshya

Tinanyamuka pa Kasisi dzuwa litangotuluka, m'zaka za m'ma 1950, pa lole yakale yopita kwa Nkomeshya. Ndinalipira mashilingi awiri, ine ndi thumba langa la mchere wogulitsa. Nditakwera m'pamene ndinaona kuti mnzathu wina paulendowu anali m'bokosi la maliro. Ndikanatsika, koma ndalama inali italowa kale m'thumba la dalaivala.

Bokosilo linali pakati, losamanga. Kumanja kunakhala mkazi wa malemu, Amake Tisa. Kumanzere a Tembo, mkulu wake wa malemuyo, ndi abale ena. Palibe anayambitsa nyimbo.

Titawoloka mtsinje wa Chongwe, msewu unayamba kuzungulira phiri, kukhotera kumanzere kokhakokha. Bokosi linalira pamatabwa n'kutsetsereka mpaka kugunda bondo la mayi uja. Tinalibweza. Pokhota pena linapitanso kwa iye.

"Mwaona?" ananong'ona a Tembo. "Asonta yekha wamene anamudya."

Mayiyo sanalire, anangoti maso pabokosi. Tonse tinadziwa kuti kumudziko akamupirikitsa ngati mfiti n'kumulanda ana.

Masana tinaima pakagolosale kuti injini imwe madzi. Ndikudya mbatata yowotcha yogula ndi kandalama ka tiki, ndinaona kuti thumba langa, lomwe ndinaliika pakati, nalonso lili kumanja. Kodi mchere umalozanso mfiti? Ndinamufunsa dalaivala.

"Katundu safuna kukhota, bambo. Motoka ikakhota, yeve ayenda chabe kutsogolo, monga mwala ukachoka mu gulaye."

"Kawauzeni a Tembo."

"Ine? Nili na bana."

Pokwera ndinati, "Amai, nipaseniko malo yanu, kuno fumbi yachuluka." Tinasinthana. Mantha ndinali nawo, osanama, chifukwa mwina dalaivala ankangolankhula.

Phiri lina, kumanzerenso. Bokosi linalira, n'kubwera molunjika kwa ine. Linanditswa bondo kawiri konse, mayi uja osamukhudza.

A Tembo anandiyang'ana nthawi yaitali. "Imwe, munamuziba mufana wanga?"

"Iyai."

A Tembo sanamulozenso chala mayi uja.

Tinafika dzuwa litapendeka. Amake Tisa analowa m'nyumba ya maliro akazi anzake atamugwira mkono, ana ake ali pambuyo. Koma mbiri ya mlendo amene analozedwa ndi bokosi inatsika pa lole ine ndisanatsike, ndipo mudzi wonse sunagule mchere wanga ngakhale kapu imodzi. Chiyambire tsikulo, ndikakwera lole ndimayamba ndafunsa kumene msewu ukukhotera, ndipo chingwe sichisowa m'thumba mwanga.