Nyimbo ya Malaya Asanu

Ababa ankaimba mluzu akamasita. Mluzu wake unali umodzimodzi chaka ndi chaka, wautali, wokhotakhota, wosafanana ndi nyimbo ya kutchalitchi kapena ya pa wailesi. Tili ana kwathu ku Nkhulambe tinkauseka, tinkati ababa akuitana mvula. Iwo ankangogwedeza simbi kuti makala ayake, n'kupitiriza kusita mayunifolomu athu.

Ali mnyamata anagwirapo ntchito ku mishoni, yochapa ndi kusita zovala za wansembe wina wachizungu. Wansembeyo anali ndi galamafoni ndi mbale zakuda zija zazikulu ngati chivundikiro cha ndowa. Loweruka lililonse m'mawa ankaika mbale imodzi yomweyo, ababa akusita pakhonde. Pobwerera kwawo wansembeyo ananyamula galamafoni ndi mbale zake zonse. Ababa anatsala ndi mluzu, dzina la nyimboyo osalidziwa, chifukwa wochapa zovala sankafunsa bwana wake zinthu zotere.

Ine ndinakula, ndinapeza ntchito ya ukalaliki pa boma, ndipo mluzuwo ndinauiwala. Tsiku lina la msika ndinaima pa benchi ya bambo wina wogulitsa za kaunjika. Pakati pa nsapato ndi zikwama panali katoni ya zimbale zing'onozing'ono zonyezimira zija, zimene zinabwera m'belo mosaitanidwa. Chimodzi chinali ndi chithunzi cha vayolini. Wogulitsayo anati nditenge ndithu, zimenezo ndi nyimbo za pamaliro a azungu, palibe amene amazifuna. Nditafika kunyumba ndinachiika m'wailesi ndikuvula nsapato. Gulu la zoimbira linayamba, linapita, kenako vayolini analowa, ndipo ine ndinaima ndi nsapato imodzi m'manja. Unali mluzu wa ababa, ndi makhotakhota ake onse.

Nthawi imeneyo khutu lawo lakumanzere linali litatseka kale, lakumanja nalo likutsatira. Kuchipatala anati ndi ukalamba, palibe mankhwala. Ababa sanadandaule, koma tikutuluka pa geti ananena mawu amodzi amene anandikhala pamtima. Anati, "Ndikanangoimvanso kamodzi ija ya ansembe, ili lisanatseke."

Ndiye Loweruka lake ndinamanga wailesi pa kaliyala, mabatire atsopano m'thumba, ndinapalasa mpaka kwathu ngati munthu wanyamula ng'ombe. Ababa anakhala pampando, anapendeketsa mutu, anamvetsera mpaka pamapeto. Ine ndinkayembekezera misozi.

"Nyimbo ndi yomweyo," anatero. "Koma si imeneyi."

Ndinabwerera ku boma nditatupa. Nyimbo yomweyo ingakhale bwanji si imeneyi? Ndinadzamva pambuyo pake kuti nyimbo za mtundu umenewu analemba papepala anthu amene anamwalira kalekale, ndipo gulu lililonse limaimba yomweyo mwa njira yakeyake, monga kwaya ya kuno ndi ya ku Chiringa zimasiyanira pa nyimbo imodzi ya m'buku. Choncho ntchito inali yopeza gulu limene linali pa mbale ya wansembe uja.

Apa m'pamene matenda osakasaka zimbale anandigwira. Wakaunjika uja anayamba kundisungira chimbale chilichonse chokhala ndi vayolini pachikuto, ndipo akandiona patali ankakuwa kuti abwana a maliro afika. Anzanga opita ku Blantyre ndinkawatuma, nditawalembera dzina lachilendo la nyimboyo pakapepala. Foni itabwera ndinayamba kukoperanso zina. Pasanathe zaka ziwiri ndinali ndi nyimbo imodziyo pa zimbale zisanu ndi zinayi, kuphatikiza za mu foni, ndipo ndinkazidziwa ngati ana anga. Wina ankaimba mothamanga ngati akuthamangira minibasi yomaliza. Mayi wina ankaimba mokoma kwambiri moti shuga ankachuluka. China anachijambula anthu ali m'holo, ndipo panali mkulu wina wa chifuwa amene ankatsokomola pamalo omwewo nthawi zonse, mpaka ndinkamudikirira. Pafupi ndi mapeto a gawo loyamba gulu lonse limakhala chete, vayolini n'kutsala yekha, ndipo pamenepo aliyense amaonetsa luso lake. Ndinagula kope, ndinkalembamo amene wapambana ndi amene walephera, ine mwana wa ku Nkhulambe amene sindinagwirepo vayolini ngakhale kamodzi.

Ndisabise, ndinkazikonda. Zinayamba ngati ntchito ya ababa, koma zinasanduka zanga, ndipo ndinayamba kudzimva. Mayi a kunyumba ankati akamva vayolini amayang'ana pakhomo ngati pabwera uthenga wa zovuta. Anzanga a ku ofesi ankati ndasanduka mzungu wa m'munda wa nandolo. Zonsezi zinkangondinenepetsa.

Kwa ababa ndinkapita ndi zosankhika zokhazokha, zomveka bwino, zoyera ngati madzi a pa mjigo. Chilichonse ankachimvetsera mpaka pamapeto, wailesi ikusendera pafupi ndi khutu mwezi ndi mwezi, ndipo yankho linali lomwe lija. Pa ulendo wachisanu ndi chiwiri ndinapita ndi chimene ndinachiika pamwamba pa zonse m'kope langa. Atati si imeneyi, mtima unandipsa.

"Ababa, mwina asintha ndi makutu, osati nyimbo."

Ababa anayang'ana kumunda, kenako anafunsa ngati ana ali bwino. Ndinapalasa njinga kubwerera ndili ndi manyazi amene sindinawamvepo chibadwire. Munthu akumira, ine n'kumuuza kuti sadziwa kusambira.

Nditafotokozera mayi a kunyumba, anapitiriza kusankha mpunga osandiyang'ana.

"Kodi inu abambo, pa maulendo onsewa munawafunsapo kuti iwo aizindikira bwanji?"

Sindinawafunsepo. Ndinali katswiri wa kope, ndikanafunsa chiyani kwa munthu wa khutu limodzi? Mayiwo anangoti safunsa anadya phula, n'kunyamula lichero lawo kulowa m'khitchini.

Loweruka lotsatira ndinapita ndi wailesi ndi chimbale chomwe chija, ndinapepesa, kenako ndinafunsa. Ndikuganiza kuti ababa ankafuna kuseka.

"Yatsa makala," anatero. "Undipezere malaya asanu a manja aatali."

Tinapeza awo atatu, ena awiri ndinabwereka kwa alamu anga kuseri. Anayala bulangete patebulo pakhonde, anaika mbale ya madzi pambali, anayesa simbi ndi chala chonyowa. Atandigwedezera mutu ndinatsegula wailesi, ndipo mwakachetechete ndinayamba kuwerenga mphindi pa foni. Ankasita monga ankasitira tili ana. Kolala poyamba, kenako manja, kenako kumsana, pomaliza kutsogolo mozemba mabatani. Malaya oyamba anapachikidwa pa chingwe, achiwiri, achitatu. Ali pakati pa achinayi, gulu linakhala chete, vayolini anatsala yekha. Ababa anapukusa mutu koma sanaime. Gawo loyamba linatha iwo atangomaliza kolala wa achisanu. Anapitiriza m'chete momwemo mpaka anawapachika, kenako anaika simbi pa njerwa.

"Waona? Uyu akuthamanga. Pa ija ya ansembe, kaligo akamatsala yekha ine ndimakhala ndikuyala achisanu. Akamamaliza onse pamodzi, ine ndikupachika. Kenako ansembe ankatuluka kudzatembenuza mbale, ine n'kuonjezera makala."

Mkangano sunandithere. Ndinati nthawi imeneyo anali mnyamata, lero ndi nkhalamba, dzanja silingayende chimodzimodzi.

"Iwe, simbi ilibe ukalamba. Ukachedwa nsalu ipsa, ukafulumira makwinya atsala. Liwiro ndi limodzi."

Ine zaka ziwiri ndinkayesa nyimbo ndi kukoma, pamene ababa anali ndi muyeso weniweni m'dzanja, muyeso woti ngakhale khutu litatseka sungasokonekere. Ndinayang'ana pa foni, ndinalemba mphindi za malaya asanu padzanja langa ndi bolopeni, ndinapalasa osamwa ndi madzi omwe.

Kuseri kwa chikuto cha chimbale chilichonse amalemba kutalika kwa gawo lililonse. Manambala amenewo ndinali ndisanawalabadirepo. Nditafika kunyumba ndinakhuthula zimbale zonse pamphasa dzuwa likadali pamwamba, n'kuyamba kufananiza ndi za padzanja. Zonse zimene ndinkanyadira zinali zazifupi, china ndi mphindi ziwiri, china ndi zinayi. Za mu foni chimodzimodzi. Chinatsala chimodzi pansi penipeni pa katoni, cha chikuto chosweka, chimene chinali chachitatu kugula kwa wakaunjika uja. Chimenechi anachikopera kuchokera ku zojambula zakale kwambiri, ndipo chinkachita phokoso la shiii kuyambira poyamba mpaka pamapeto, ngati wina akukazinga chimanga m'chipinda china. Gulu lake linkayenda pang'onopang'ono. Ndinachimvetsera kamodzi kokha nditangogula, ndipo m'kope ndinalemba mawu awiri, chaulesi, chaphokoso. Kwa ababa sindinapite nacho chifukwa ndinkaona kuti n'kuwanyoza.

Manambala ake ndi a padzanja langa anasiyana ndi timasekondi tochepa.

Ndinaseka ndekha mpaka mayi a kunyumba anabwera kudzasuzumira. Chinthu chimene ndinachisaka mpaka ku Blantyre chinakhala pansi pa bedi langa miyezi yonseyi, khutu la ababa likutsekeka. Sabata imeneyo sindinagwire ntchito yooneka. Ndinkaopa zinthu ziwiri, kuti mwina manambala angofanana mwangozi, ndi kuti mwina phokoso lija likwirira nyimbo m'khutu lotsalalo.

Loweruka ndinalongedza malaya anga asanu a ku ofesi, osasita. Mayi a kunyumba anati ulendo uno sawusiya, akufuna akaone ndi maso awo mapeto a maliro amenewa, ndiye anakwera kabaza kunditsatira. Tinapeza ababa akusenda chinangwa. Sindinawauze chilichonse. Ndinayatsa makala, ndinayala bulangete, wailesi ndinaiika pa mpando wautali kudzanja lawo lamanja, pafupi kwambiri moti akanatha kuigunda ndi phewa.

Phokoso la shiii litayamba, nyimbo isanalowe n'komwe, ababa anadzutsa mutu.

"Kamvula kaja," anatero chapansipansi.

Anatenga malaya oyamba. Gulu linalowa mwaulesi muja ndinalinyozera, koma tsopano ndinkaliona m'dzanja la ababa, ndipo silinali laulesi ayi. Simbi inkapita ndi nyimbo, n'kubwerera ndi nyimbo. Vayolini akakwera iwo anali pa phewa la malaya, akatsika iwo akutsetsereka ndi dzanja mpaka ku mabatani. Pa malaya achiwiri mluzu unayamba, wopanda mphamvu chifukwa mano anatha, koma unkagwa pamodzi ndi vayolini osatsogola kapena kutsalira. Ine ndinaima potsamira mzati, ndikuwerenga malaya pa chingwe ngati sindidziwa kuwerenga mpaka zisanu. Achitatu anapachikidwa. Achinayi anatenga nthawi pa thumba. Anawapachika, anatembenuka, anatambasula dzanja kutenga achisanu, anawayala pa bulangete, ndipo pomwepo gulu lonse linakhala chete. Vayolini anatsala yekha.

Mayi a kunyumba anandigwira pamkono. Ababa sanayang'ane aliyense. Anawaza madzi pa kolala, anasita, manja, kumsana, kutsogolo, woimba uja akuzungulirazungulira yekha ngati akuwadikirira. Gulu linabwerera, linakwera, ndipo pamene linkamenya kotsiriza ababa anali atakweza manja akukoleka malaya pa chingwe.

Ndakhalapo wokondwa pa moyo wanga, pa ukwati, pa kubadwa kwa ana, koma chisangalalo cha tsiku limenelo chinali cha mtundu wina, cha munthu amene wapambana mpikisano atatsala pang'ono kugwa. Khutu lija linadzatsekadi mvula yotsatira isanathe. Koma tinalifikira lili lotsegula.

"Imitsa," anatero ababa. "Tembenuza mbale."

Ndinawauza kuti zimbale za masiku ano sazitembenuza, nyimbo imangopitirira yokha.

"Ndiye imitsa basi, ndionjezere makala."

Ndinaimitsa. Anatsegula simbi, anagwedeza phulusa, anaikamo makala atsopano, anauzira. M'maso mwawo munali madzi, ndipo anati ndi utsi. Palibe anawatsutsa. Moto utagwira anayang'ana patebulo, kenako pampando, kenako kwa ine.

"Nanga ena ali kuti? Kuseri kwake ndi malaya anayi."

Ndinali nditabwera ndi asanu okha. Mayi a kunyumba anathamangira m'nyumba n'kutuluka ndi a ababa atatu aja. Anatsala amodzi. Ababa anayang'ana amene ndinavala, a mizere yabuluu, onyowa ndi thukuta la njinga. Ndinamasula mabatani, ndinavula, ndinawapatsa. Ndinakhala pansi pakhonde chifuwa chili pamtunda, kalaliki wa pa boma, anthu opita kumunda akundiyang'ana, ndipo ndinaika chala pa batani la wailesi.

"Tsegula," anatero ababa, akuyesa simbi ndi chala.