Amalume si kholo

Ndinali Folomu 2 pamene ndinaswa mphuno ya mtsikana wina ndi chivundikiro cha desiki. Anandinena kuti ndine wopanda mtundu, mwana wa anthu obwera, monga momwe ana achishona ankatinenera ife a makolo a ku Malawi. Mpaka lero sindimumvera chisoni. Koma ndisaname, vuto silinayambe tsiku limenelo. Chaka chonsecho ndinkalephera kukhazikika. Ndinkayankhula aphunzitsi akuphunzitsa, kuseka popanda choseketsa, masiku ena kulira mpaka nthawi yoweruka. M'mutu mwangamu munali china chake. Dzina lake sindilidziwa, chifukwa palibe anandiuza.

Ahedi ananditumiza kuchipatala ndi mphunzitsi wamkazi woyang'anira atsikana. Amayi anali kumsika ku Chipadze, m'tauni yathu ya Bindura, akugulitsa tomato, osadziwa kanthu. Dokotala anandifunsa mafunso ochepa, ambiri anafunsa mphunzitsiyo, ndipo tinabwerako ndi kabotolo ka mapilitsi ang'onoang'ono oyera. Kabotoloko sikanafike kwathu. Kanalowa m'kabati mu ofesi ya ahedi, ndipo m'mawa uliwonse ndinkayamba ndaima pakhomo pa ofesiyo kuti ndimwe.

Ndewu inathadi. Ndinkangogona. Mutu pa desiki, malovu pa kope. Khosi linauma, lilime linalemera, manja ankanjenjemera moti zolemba zanga ndinkalephera kuziwerenga ndekha. Aphunzitsi anati ndasintha, ndakhala mwana wabwino.

Amayi anadziwa atandipeza ndagona pa masaka kuseri kwa benchi yawo, ntchentche zili pakamwa. Anandigwedeza mpaka ndinawauza. M'mawa mwake anasiya tomato ndi mnzawo, tinapita limodzi kusukulu.

"Mwana wanga mukumumwetsa chiyani?" anafunsa m'Chishona chawo chopindika chija.

"Mankhwala olembedwa ndi dokotala, mayi."

"Munandifunsa?"

Ahedi anati nkhani yotere amakamba ndi bambo wa mwana. Amayi anati bambo wa mwana anachoka ndili wakhanda, ndipo kwathu bambo alibe mawu pa ana. Ahedi anati abwere basi. Amayi sanatsutsenso. Anatuluka akudziwa woti amuitane, ndipo sanali bambo anga. Anatumiza uthenga ku Shamva, kwa mlongo wawo.

Amalume ankagwira ntchito pansi mu mgodi. Anajomba, anavala jekete yawo ya kutchalitchi, n'kukwera minibasi. Panjira yopita kusukulu ankayenda patsogolo, ife pambuyo. Amayi anali atapepukidwa mtima, ankachita kucheza ndi anthu m'njira. Kwa iwo nkhani inali itatha kale. Mwini mbumba wafika, ndani angakane? Agogo atamwalira ndi amalume analoza pokumba manda. Mkulu wanga atatenga mimba ndi amalume anakhala pampando, a kuchimuna pansi.

Mu ofesimo amalume anakhala mowongoka, chipewa pa bondo.

"Mwanayu ndi wa mlongo wanga," anatero. "Kwathu mwini wake ndine. Akadwala ndine, akakwatiwa ndine. Sindinabwere kudzakangana. Botololo mupatse mayi ake, abwerere naye okha kwa dokotala, akamve kuti ndi matenda anji, kapena achepetseko. Taonani mwanayu mmene akukhalira."

Onse anandiyang'ana. Ndinali nditatsamira khoma, pakamwa pali pululu.

Ahedi anaseka. Sikunali kuseka kwachipongwe kwenikweni, kunali kwa munthu amene wamva zachilendo. Anawatchula kuti sekuru, monga Ashona amatchulira amalume.

"Sekuru, kuno amalume ndi wosewera ndi ana, wowagulira masiwiti. Si kholo. Kholo ndi bambo."

"Bambo wake sanapereke ngakhale nkhuku. Anangobwera, n'kudya, n'kupita."

"Nanga mwanayu amaitanidwa ndi dzina la ndani?"

Amalume anatembenuza chipewa chawo. Dzina limene ndinkalembera kusukulu linali la bambo.

"Ndipo botololi ndikapereka kwa mayi awa," ahedi anapitiriza, "likathera m'chimbudzi, mwana akathera kutchalitchi kukamufuulira m'makutu. Mawa aswa mwana wina. Makolo a mwanayo ndidzawauza chiyani?"

Mwina amayi akanaterodi. Abusa athu ankati chilichonse ndi chiwanda. Koma mwina akanapita nane kwa dokotala. Palibe anawapatsa mpata woti tione.

Amalume anadzuka, anathokoza ahedi, chimene sindinachimvetse mpaka pano. Panja anandigwira phewa n'kunena kuti, "Limba mtima, mwanawe." Pobwerera ankayenda pambuyo pathu.

Bambo anga anawaitana ndi ahedi eni ake. Bambowo ankakhala ku Aerodrome, dera lina la m'tauni momwemo, ndi mkazi wina, m'nyumba ya mpanda, ndipo ankagwira ntchito mu ofesi. Anabwera nthawi ya nkhomaliro, osakhala pansi n'komwe.

"Akuvutitsa?" anafunsa bambo.

"Anali kuvutitsa. Pano ali bwino."

"Basi muzimupatsa."

Dzina la mankhwala sanafunse. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi ngati akuyesa kukumbukira kumene anandionapo. "Wakula," anatero. "Uzimvera aphunzitsi." Anatuluka. Amayi anali pabenchi panja, chifukwa sanawalowetse. Bambo anawadutsa ngati akudutsa mtengo.

Kuyambira pamenepo mphunzitsi uja ankanena kuti, "Yasama. Kweza lilime," kuti aone ngati ndameza. Ana anzanga ankaimirira chapatali n'kumanditsanzira. Masamu, amene ndinkakhoza ngakhale ndili wosokonekera, ndinayamba kulephera. Amayi anayesa kupita nane okha kuchipatala. Nesi anati tibwere ndi khadi. Khadi linali kusukulu, ndipo ahedi anati angalipereke kwa bambo okha. Bambo anali otanganidwa.

Kenako chinafika chaka chija m'mashopu munauma, buledi kusowa, sopo kusowa, anthu kuima pamizere osadziwa chimene chikugulitsidwa kutsogolo. Mapilitsi anatha. Mphunzitsi anapita kuchipatala n'kubwerako chimanjamanja. Palibe anali atatiuza kuti mankhwala amenewa sasiyidwa mwadzidzidzi. Ndinasanza, thukuta linkangotuluka, tulo tinathawa, miyendo inkayenda yokha. Ndili choncho ahedi anandiitana n'kunena kuti popanda mankhwala sangandilole m'kalasi. Ndidikire kunyumba mpaka apezeke.

Amayi omwe aja, amene ankadana ndi mapilitsiwo, anapempha kabotolo kopanda kanthuko. Ulendo uno ahedi anawapatsa mosavuta. Anayenda nako m'mafamase onse a mu Bindura, akuonetsa aliyense wovala zoyera. Amalume anafunsa ku kiliniki ya kumgodi. Kunalibe. Ndinkawaona amayi akubwera madzulo mapazi atatuwa, kabotolo kali kumpango, ndipo ndinkafuna kukaphwanya ndi mwala.

Pomaliza anapita ku Aerodrome, ine pambuyo. Bambo anatulukira pageti, osatsegula.

"Munavomera ndinu," amayi anatero. "Mawu anu okha ndi amene amamveka kumeneko. Pitani mukawauze amulandire mwanayu."

"Ine ndinavomera mankhwala. Ngati kulibe, ndiwapange ine?"

"Ndi mwana wanu."

"Lero wakhala wanga? Paja mumati ana ndi a kwanu."

Mkazi wawo anawaitana m'nyumba, chakudya chikuzizira.

Patapita milungu thupi linabwerera m'malo. Manja anasiya kunjenjemera, khosi linamasuka. Mkwiyo unalipobe, koma ndinkatha kuwerenga tsamba lonse osagona. Ndinachapa yunifolomu, ndinaisita ndi simbi ya makala, n'kupita kusukulu ndekha. Ndinaganiza kuti akandiona ndi maso awo adzamvetsa.

Mlonda wa pageti anali nkhalamba ya kwathu komwe, wochokera ku Dedza, amene anathera mphamvu zake mu mgodi. Anandiyankhula m'Chichewa, motsitsa mawu.

"Mwana wanga, anandiuza kuti ndisakulowetse."

"Agogo, ndili bwino. Tandioneni."

"Ndikuona. Mankhwala aja wapeza?"

"Kulibe dziko lonse lino."

"Ndiye ndingatani ine? Andichotsa ntchito."

Anapita kukawafunsa ahedi, poti ndinakana kuchoka. Ndinaima pamenepo ana ochedwa akundidutsa, akulowa chothamanga. Anabwerera akuyenda pang'onopang'ono, maso pansi. Ahedi anati ndibwere ndi bambo anga komanso mankhwala, zonse ziwiri.

Teremu yotsatira malo anga anapatsa mwana wina. Folomu 2 sindinaimalize.