Ndabulida mabuleki popanda phazi lanu

Amake Tisa, lero zakwana zaka ziwiri chitisiyireni, ndipo lero lomweli mabuleki a minibasi yathu ya ku Maramba afewa. Ndili chigonere pansi pake, sipanala kumanja, ndangozindikira ndafuula kuti "Pondani!" pomwe pampando palibe munthu. Ndakumbukira Lachinayi lija munakwera pampando wa dalaivala mutavala yunifolomu ya chigwirizano, nthawi ya mapemphero itakwana kale. Ndinakuuzani kuti muzipita, ndiona chochita. Inu munati, "Iyayi ba dalaivala, mailo kukacha muzanyamula ana a anthu. Masulani kabawuti, nagwira buleki!" Munaponda mpaka mpweya wonse unatuluka m'mapaipi.

Lero ndalumikiza kapaipi pa kabawuti kotulutsira mpweya, mbali inayo ndamiza m'botolo la mafuta a mabuleki. Kukwera, kuponda, kutsika kukaona ngati thovu latha, mawilo onse anayi. Zanditengera masana onse, koma buleki yalimba, ndipo ndaiyesa katatu mumsewu wa ku Dambwa. Musadere nkhawa, ntchito ndikuitha ndekha. Chomwe ndasowa ndi munthu wondiseka pamene ndimatuluka pansi paja nkhope ili bii ndi girisi.