Mzimu Wolowetsa Ulusi pa Singano

A Telala sakhulupirira kuti chinthu chimangochitika chokha. Zipi ikakana kutseka, ndiye kuti kufakitale anaipanga dala kuti ife msanga. Diresi ikamuthina kasitomala, sikuti mayiyo wanenepa ayi, ndi opanga matepi oyezera amene amasuntha manambala mwakabisira. Kuyambira unyamata wawo akhala akuulula ziwembu za dziko lonse ali pamakina osokera m'chipinda chakumaso, moti ena amabwera ndi thalauza losang'ambika n'komwe kuti adzangomvako.

Chiwembu chachikulu anachitulukira imvi zitayamba: opanga singano anapangana ndi ogulitsa magalasi, bowo akumalichepetsa chaka ndi chaka. Ankafotokoza izi akunyambita ulusi, n'kuulozetsa pa singano, ulusiwo n'kudutsa pambali ngati sukuidziwa. Zoona zake, maso anali kutha, ndipo mkuluyu ankachita mantha. Mwana wawo wamkazi anali atanena kale kuti akadzalephera kusoka makinawo adzagulitsidwa, iwo azidzangokhala pampando kuwerenga anthu odutsa.

Kenako kunabwera mzimu. M'mawa uliwonse ankapeza makina ali ndi ulusi kale, singano zamanja zili ndandanda pakansalu, iliyonse ndi ulusi wake.

"Ndi malemu amene anandiphunzitsa ntchitoyi," ankauza makasitomala monong'ona. "Aona kuti adani andizungulira."

Akazi awo, omwe ankasesa chipindacho bambo asanadzuke, ankangoti, "Inde, abambo, malemuwo ndi akhama," nkhope ili gwa.

Vuto linali lakuti mzimuwo unkaika mtundu umodzi patsiku, ndipo a Telala sakanatha kuusintha. Mphunzitsi wina analandira shati yake yoyera itasokedwa kolala ndi ulusi wobiriwira. Atadandaula, anauzidwa kuti akatsutsane ndi akufa.

Ndiye mwana uja anachira kutauni ina, mayi n'kukwera basi kukathandiza kulera khanda. Mzimu nawo unasowa tsiku lomwelo. A Telala anati nsanja ya mafoni imene inali itangomangidwa kumene m'deralo yautsekera njira. Mawa lake anati mwina malemu akwiya ndi mphunzitsi uja. Koma zovala zinkaunjikana pabenchi, makasitomala anayamba kudzatenga nsalu zawo zosasoka, ndipo nthano zija zinaleka kukoma ngakhale kwa eni ake. Anakhala m'mawa wonse ndi kaulusi konyowa m'manja, misozi ikulengeza, singano osaiona n'komwe. Zinali zomvetsa chisoni, ngakhale kwa ife amene tinkawaseka.

Masana anaimba foni.

"Amayi, mzimu uja sukubweranso."

"Ayi? Mwina uli ndi ntchito kwina," anatero akazi awo. Khanda linkamveka kulira chapatali.

"Simungaufunse kuti ubwera liti?"

"Ndaufunsa kale. Ukuti watopa kunama. Ukuti mukapimitse maso, apo ayi singano zanu suzikhudzanso."

"Ndiye kuti nawonso aja a magalasi augula!"

"Augula, abambo. Nanga mupita?"

A Telala anasisita gudumu la makina. Atayankhula, mawu anali atatsika.

"Mwanayo musamuuze kaye. Mzimuwo muuuze kuti ndipita. Koma ubwere udzandigwire dzanja, chifukwa ngakhale msewu sindikuuonanso bwino."