Dontho la Mkaka mu Supu wa Nkhuku

Dzulo mwana wanga anadonthezera mkaka mumphika wa nyama. Ine mtima wanga ndi wapachala, aliyense amadziwa. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimukalipire, koma fungo la mumphikamo linandibweza ku Wembley, kumene ndinkakhala ndili mwana.

Amayi ankasamalira bambo wina wokalamba wachiyuda, a Feldman, ndipo ndikaweruka kusukulu ndinkawadikirira kukhitchini. M'nyumbamo mkaka ndi nyama sizinkayandikana, chifukwa lamulo la chipembedzo chawo limaletsa kuzisakaniza. Ngakhale masipuni ake ankasungidwa kosiyana.

Tsiku lina ndikupanga tiyi, dontho la mkaka linagwera mu supu wa nkhuku amene ankawira pamoto.

"Wandichotsetsa ntchito iwe!" amayi ananong'ona. Komabe anakaulula kwa a Feldman.

A Feldman anabwera ndi ndodo yawo n'kuitana zidzukulu zawo ziwiri. Ine ndinkayesa akuitana mboni za mlandu wanga.

"Ana inu, mwadala sitichita zimenezi," anatero. "Koma zachitika kale. Ndiye lamulo likuti chiyani?"

"Tiyeze!" kamdzukulu kakakazi kanayankha.

A Feldman anandifunsa kukula kwa dontholo, ine n'kuloza chikhadabo changa. Anasuzumira mumphikamo nthawi yaitali, nthunzi ikuphimba magalasi awo. Kenaka anafotokoza kuti supu akachuluka kuposa dontho maulendo makumi asanu ndi limodzi, dontholo latha mphamvu.

"Mayi, pakulani. Ayambe ndi uyu."

Ndinameza supuyo. Mpaka lero ndimagoma: anthu anakhala pansi kalekale, n'kukonzeratu lamulo lothandiza munthu amene walakwitsa kale!

Ndiye dzulo ndinameza mawu anga, n'kufunsa mwanayo: "Dontholo linali lalikulu bwanji?"