Kolopu wa amalume

Amalume anga akhala kwathu ku Nkando milungu itatu tsopano chitulukireni m'chipatala, ndipo chakudya akhala akungochiyang'ana. Ndiye Lachiwiri m'mawa ataitana mkazi wanga n'kunena kuti, "Apongozi, lero ndikufuna kolopu," iye anathamangira ndowa ndi chisanza, n'kukolopa chipinda chonse mpaka kunsi kwa bedi.

"Ndati kolopu!" anakalipa amalume. "Kodi ndidya simenti?"

Mkazi wanga anandikokera kukhitchini. "Bambo a Chisomo, mutu wayamba kusokonekera uwu. Mawa tibwerere nawo kuchipatala."

Ndisaname, mumtima ndinali nditavomera kale. Komabe ndinakoka mpando n'kukhala pafupi nawo.

"Amalume, kolopu n'chiyani?"

Nkhope yawo inawala. Paja paunyamata wawo anali khukhi kunyumba ya mzungu wina wa ku esiteti ya tiyi.

"Mphwanga, umatenga nyama ya ng'ombe yopanda fupa, n'kuicheka mopyapyala, kukula ngati chikhatho. Uisasanthe pang'ono, kenaka pachiwaya ndi anyezi. Dona, mkazi wa mzungu uja, ankati kolopu."

Ndinafufuza pafoni, ndipo mawuwo alipodi: collop, Chingerezi chakalekale, kutanthauza kachidutswa ka nyama kochekedwa mopyapyala. Eni ake ambiri anawasiya kale. Ine amene ndaphunzitsa Chingerezi mpaka kumera imvi sindinawamvepo. Koma mkulu amene sukulu analekeza Sitandade 2 wawasunga m'mutu zaka zonsezi!

Ndinathamangira kumsika. Wabutchala anali atakweza kale chikwanje kuti akhape monga mwa masiku onse, ine n'kumugwira dzanja, n'kumuuza kuti acheke mopyapyala. Pamene nyamayo imafika pamoto, amalume anali atadzuka okha, atatsamira chitseko cha khitchini, akulamula ngati kapitawo. "Tembenuzani, apongozi, ipserera!" Anaseseratu m'mbale, n'kufunsa ngati yatsalako.

Koma abale, timafulumira bwanji kuweruza? Munthu wamkulu akangotchula mawu achilendo, kaya ndi Chilomwe chakuya, kaya Chipwitikizi cha kumalire, timatsinana n'kunong'ona kuti, "Akalamba awa." Sitiganiza n'komwe kuti mwina mbuli ndife. Paja safunsa anadya phula, koma masiku ano safunsa akugoneka ndi njala anthu amene anamulera.

Nanga inu, mawu aja munawaseka atatuluka pakamwa pa agogo anu, munafunsa tanthauzo lake?